Kudya bwino uli pa koleji mu Blantyre: kwa amene siketi kapena buluku layamba kuthina

Semesita yoyamba ikangotha foni yanga sipuma. Mwana wa azakhali, mng'ono wa mnzanga wa kuntchito, mtsikana wa kwaya kutchalitchi kwathu, onse funso lawo ndi limodzi: "Achemwali, ndalama yodyera imandivuta, masiku ena ndimagona ndi tiyi yekha, nanga zikutheka bwanji kuti zovala zasiya kundikwana?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndalemba kamodzi. Wina akafunsanso ndizingomutumizira izi.

Ndinakhala zaka zinayi ku Chitawira, m'kachipinda ka anthu awiri, ndikuphunzira pa koleji ya Polytechnic (Poly) isanasinthe dzina kukhala MUBAS mu 2021. Chaka choyamba chokha ndinawonjezera makilogalamu 7. Amayi atandiona pa holide anasekerera, amvekere, "Mwana wanga tauni yamuyanja." Koma ine ndinkadziwa kuti ndikakwera masitepe opita m'kalasi ndinkafika pamwamba ndili wefuwefu ngati nkhalamba. Ndinkaimba mlandu nsima, pomwe nsimayo ndinakula nayo kumudzi ndili wowonda bwinobwino. Chinandinenepetsa ndi kudya kopanda nthawi, mafuta a pachiwaya, shuga wa m'botolo, ndi ndalama yobwera kamodzi n'kutha pakati pa mwezi. Malangizo ali m'munsiwa akuzungulira pa zinayi zimenezi.

1. Dziwani kaye pomwe muli

Sikuti aliyense amene wawonjezera thupi wanenepa mopyola. Ena mumabwera ku koleji muli owonda kwambiri ndipo makilogalamu awiri atatu ndi abwino ndithu. Kwerani sikelo, kaya kukiliniki ya pasukulu kaya kwa anyamata oyenda ndi sikelo m'tauni, ndipo muyezetsenso msinkhu. Kenako gawani kulemera kwanu ndi msinkhu wanu kawiri. Munthu wa makilogalamu 70 wotalika mamita 1.65 agawe 70 ndi 1.65, yankholo aligawenso ndi 1.65, apeza 25.7. Nambala imeneyi achipatala amaitcha BMI. Pakati pa 18.5 ndi 24.9 muli bwino, kuyambira 25 thupi lapitirira, ndipo 30 ndi kunenepa kofunika kuchitapo kanthu.

Njira ina yosalira sikelo ndi ya chingwe. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, muchipinde pakati, muzungulize pamimba cha pamchombo. Chikakumana zili bwino. Chikalephera kukumana ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndi omwe amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuyeza kamodzi pamwezi n'kokwanira. Tsiku ndi tsiku mungodzidwalitsa mtima.

2. Lembani zonse zimene zalowa m'kamwa kwa masiku atatu

Zonse, osabisa. Mandasi awiri a pageti, kachigege kamene mnzanu anakugawirani, Sobo wa m'chipinda cha aneba, masupuni a shuga m'tiyi. Ambiri amene amati "ine sindidya kwambiri" amawerenga nsima yokha, chifukwa kwathu kuno munthu sanadye ngati sanagwire nsima. Pepala langa linandichititsa manyazi: m'mawa palibe, 10 koloko mandasi atatu, masana tchipisi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, madzulo Obama (mabanzi aakulu aja) ndi tiyi wa masupuni anayi, usiku mitanda inayi ya nsima ndi kausipa kochepa. Ndiwo zamasamba pa masiku atatu onsewo zinaoneka kamodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

3. Gawani ndalama tsiku lomwe yalowa

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe malangizo ambiri amadumpha chifukwa olembawo amaganiza za munthu wa firiji ndi malipiro. Wophunzira ndalama yake imabwera kamodzi, kaya ndi ya ngongole ya boma yodzisamalira, kaya ya makolo, kaya ya amalume. Sabata yoyamba ndi chikondwerero: nkhuku ndi tchipisi ku Chichiri, zakumwa, kugulira anzanu. Sabata yachiwiri mwabwerera pachiwaya. Kuyambira pa 20 mukudya kamodzi patsiku, ndipo chimene mumagula ndi chotchipa chokhutitsa msanga: banzi, mandasi, ufa wa wokumani (timapaketi tating'ono ta ufa wa tsiku limodzi) ndi kachubu ka mafuta. Ndalama ikalowanso mumabwezera njala yonse ija. Mwezi wonse thupi lalandira ufa woyera, mafuta ndi shuga basi, ndiye mumanenepa uku muli ofooka, ena mpaka magazi kuchepa.

Chochita ndi ichi. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ukangolira, musanauze aliyense, chotsani ya lendi ndi ya zolembera. Yotsalayo igaweni patatu. Gawo lalikulu mugule zouma za mwezi wonse tsiku lomwelo kapena mawa lake. Gawo lachiwiri muligawenso kanayi, ya masamba, tomato ndi zipatso sabata iliyonse. Ine ndinkaika m'maenivelopu anayi pansi pa sutikesi, chifukwa ndalama ikakhala mufoni imathera mabando. Gawo lachitatu, lochepa, ndi lodzisangalatsira, ndipo musalichotse. Munthu wodzimana kotheratu amapirira masiku khumi, la khumi ndi chimodzi amatha nkhuku yathunthu yekha.

Zouma zogula ndi ziti? Achipatala ndi alangizi m'dziko muno amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi mafuta. Magulu anayi mungathe kugula kamodzi pamwezi osasowa firiji. Pa zokhutitsa tengani mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Mgaiwa ndi chimanga chogaya osakonola, ndiye gaga ndi mtima wa chimanga zimatsalamo, ndipo umakhalitsa m'mimba. Ufa woyera unakonoledwa, kunyikidwa, n'kutsala woyera mbee koma zambiri zitapita ndi madeya. Ndikudziwa kuti ena amauona mgaiwa ngati chizindikiro cha umphawi kapena chikumbutso cha sekondale yogonera komweko. Ngati simungaumeze, sakanizani theka ndi theka kapena mugule gramilu. Onjezani mpunga pang'ono ndi mbatata. Pa nyemba: nyemba zenizeni, nandolo, khobwe, mtedza, nsinjiro ndi soya pieces. Pa za nyama: usipa, bonya, matemba, ndi mazira ngati thumba lalola. Mafuta gulani botolo limodzi, mulembe mizere inayi pabotolopo ndi cholembera, mzere umodzi sabata imodzi. Machubu amaoneka otchipa koma amadula mukawaphatikiza, ndiponso chubu mukachiboola mumathira chonse.

Zoumazi kagulani ku msika waukulu, wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Blantyre, osati paokala ya pafupi ndi hostelo. Mitengo sindilemba, chifukwa chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wolembedwa lero umakhala wabodza mwezi wamawa. Mtedza muusankhe bwino. Wofota, wakuda kapena wa chuku tayani, poizoni wake amawononga chiwindi ndipo samatha ndi kukazinga.

Chovuta kwenikweni si masamu ayi, ndi anthu. Anzanu akadziwa kuti m'chipinda mwanu muli ufa ndi nyemba, pa 20 chipindacho chimasanduka kafiteriya. Kumana mnzako chakudya n'kosatheka, ifenso sitinaleredwe choncho. Chomwe chinatithandiza ife ndi kupangana poyera mwezi usanayambe. Tinali atsikana anayi, aliyense amasonkha ndalama yofanana tsiku limodzi, awiri amapita ku Limbe ndi chikwama, ndipo kuphika kunali kosinthana motsata ndondomeko ya makalasi. Mlendo amadya nafe kamodzi kawiri, akazolowera tinkamuuza mosazungulira kuti, "Asisi, mwezi wamawa mulowe nawo m'gulu." Musachulukane kupitirira anayi kapena asanu, poto wa pa hotipuleti sakwana ndipo mikangano ya mbale imayamba. Musalowetsenso munthu amene amati adzapereka yake ikalowa. Tinayesapo, chinansi chinatha ndipo ndalama sitinaione.

Amene muli m'mahostelo oletsa kuphika, musaswe lamulo n'kuotcha nyumba. Lankhulani ndi amayi ophika memo pafupi ndi sukulu (memo ndi chakudya cha masana chophikidwa pamsika kapena pambali pa msewu cha anthu ogwira ntchito), mulipiretu ya mwezi kapena ya sabata ziwiri ndalama ikadalipo. Sankhani malo a madzi osamba m'manja ndi sopo, ophika chakudya chotentha. Amene tinali mu Blantyre pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za pulayimale ndi sekondale kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023, sitichita nazo masewera zimenezi.

4. Musatuluke m'mawa m'mimba muli pululu

Kalasi ya 7:30 imanyenga. Mumati mudya pambuyo, kenako 10 koloko fungo la mandasi limakugwirani pakhosi. Phala la mgaiwa la nsinjiro limapsa pa mphindi khumi ndi zisanu, mukusamba liri pamoto. Mbatata kapena chinangwa phikani usiku, m'mawa mungotenga. Mukapeza mbatata yofiira m'kati tengani imeneyo, ili ndi vitamini A. Dzira lowiritsa ndi nthochi zimalowa m'chikwama. Shuga wa m'tiyi musamusiye tsiku limodzi, mungalephere. Chotsani supuni imodzi, papite sabata ziwiri, muchotsenso ina, lilime limazolowera lokha.

5. Sinthani kakhalidwe ka mbale, osati kusiya nsima

Kwathu ndiwo timaziona ngati zopititsira nsima: phiri la nsima, kandiwo pambali. Kumudzi zimenezo zinkayenda chifukwa kunali kulima, kutunga madzi ndi kuyenda mtunda kupita kusukulu. Pano mukukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndiye mitanda iwiri yapakatikati, uliwonse ngati chibakera chanu, ndi yokwanira kwa ambiri. Anyamata osewera mpira atha kuwonjezera. Theka la mbale likhale masamba, ndipo nyemba kapena nsomba zidzaze chikhatho. Yambani ndi ndiwo, idyani modekha, foni ili pansi. Mukamaliza dikirani pang'ono musanaomole wina, kukhuta kumachedwa kufika kumutu.

Masamba ndiwo chinthu chotchipa kwambiri mu Blantyre, ambiri amachokera pafupi pomwepa ku Bvumbwe ndi madera ozungulira. Repu, mpiru, tchayinizi, kabichi, nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, khwanya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, kutanthauza pafupifupi manja asanu odzaza. Zolakwika ndi ziwiri zomwe ndimaziona kawirikawiri. Choyamba, kuthira soda kuti zifewe msanga, zomwe zimapha mavitamini ena. Chachiwiri, kukazinga karepu kochepa m'mafuta osambira. Kutendera ndi nsinjiro n'kwabwino kuposa apo, ndipo ndiwo zotendera sizifunanso mafuta. Mchere nawo, WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiyo kasupuni ka tiyi kamodzi pa zakudya zonse. Tizokometsera ta m'mapaketi a soya pieces tili kale ndi mchere wambiri, musathirenso wina.

Zipatso tsatani nyengo: mango kumapeto kwa chaka, magwafa ndi mapeyala mvula ikamapita kumapeto, manachesi a ku Mwanza m'nyengo yozizira, nthochi ndi mapapaya pafupifupi chaka chonse. Atsikana, tiyi musamwere pa chakudya chenicheni, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, amene amathandiza kupanga magazi. Chipatso kapena ndimu ndiye zimathandiza.

6. Phunzirani kuphika nyemba mosatha magetsi

Ophunzira ambiri amathawa nyemba chifukwa zimatha mayunitsi kapena makala, komanso magetsi amatha kuzima zili pakati. Zinyikeni m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ziwire mwamphamvu mphindi 20. Kenako phulani poto osavundukula, mum'kulunge ndi chitenje chakale, kunja bulangete, mum'ike pakona kapena m'katoni. Pitani m'kalasi. Pobwera masana mupeza poto akadali wotentha, nyemba zitafewa, chotsala ndi kuziwiritsanso pang'ono ndi tomato ndi anyezi. Musafupikitse kuwira koyamba kuja, nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba. Zotsala muziwiritsenso mpaka zibwadamuke musanadye, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala musazisunge kupitirira tsiku limodzi opanda firiji. Zikayamba kununkha chisasu musadzikakamize chifukwa cha chisoni cha ndalama.

7. Chiwaya ndi botolo

Sindinena kuti musiye tchipisi, ineyo mpaka lero ndikadutsa pachiwaya cha kanyenya mtima umagunda. Koma dziwani zomwe mukugula. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 9, pomwe ya ufa kapena shuga ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo kuti muwathe muyenera kuyenda mwandawala pafupifupi theka la ola. Tsono imani pachiwaya muone mmene kachewere amamwera mafuta, kenako wogulitsa akuthirirani ena pamwamba ndi chipande, akuti "supu". Amenewo kanani. Mafuta akuda bii amene akhala akuwira chiyambire Lolemba apitirireni. Kamodzi pa sabata, ndi saladi wambiri wa kabichi pamalo aukhondo, palibe vuto. Njala ya pamsewu ikakupezani tsiku lina, chimanga chootcha, chinangwa chophika, nthochi kapena mtedza wodzaza dzanja limodzi ndi zabwino kuposa zigege.

Zakumwa ndiye mbala yeniyeni, chifukwa sizikhutitsa. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wopitirira magalamu 30, timasupuni ta tiyi pafupifupi 8. WHO imati shuga wothira asafike pa magawo 10 mwa 100 a mphamvu zonse za patsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50. Botolo limodzi ndi tiyi wa masupuni anayi, mwafika kale pafupi ndi malirewo. Maheu a m'sitolo, majuwisi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili m'gulu lomwelo. Thobwa ndi chakudya, mukamwa kapu yaikulu muwerenge ngati mwadya, osati kumwera pa nsima. Mowa nawo uli ndi makalori 7 pa galamu, ndipo sumabwera wokha, umaitana mang'ina ndi kanyenya pakati pa usiku. Yendani ndi botolo la madzi abwino.

8. Sabata za mayeso

Apa ndi pomwe dongosolo lonse limagwa. Mukuwerenga mpaka 3 koloko m'bandakucha, ndipo munthu wosagona mokwanira njala imamuchulukira, makamaka ya zotsekemera. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Sindikunamizani kuti mudzawapeza onse pa mayeso, koma konzekerani sabata isanafike: kazingirani mtedza wambiri, gulani chimanga cha mbuliwuli, wiritsani mazira, ndipo chakudya cha madzulo mudye musanapite kowerenga, osati pobwerako. Mabisiketi musagule paketi yaikulu n'kumati muzidya awiriawiri. Palibe anakwanitsa.

9. Yendani

WHO imati mphindi 150 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena zolimbitsa thupi zina, ndiye mphindi 30 masiku asanu. Amene mumakhala ku Chitawira, Naperi kapena Nkolokosa n'kumaphunzira ku Ginnery Corner kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ulendo wa kusukulu ndi wokwanira kale mukasiya kabaza. Blantyre ndi wa zitunda, miyendo imagwira ntchito yokha, ndipo ya kabazayo mugule nthochi. Usiku ayi, kwerani kapena yendani pagulu. Loweruka kuli mpira, netibolo, ndi magulu okwera Michiru kapena Soche. Kungoti musadzinamize kuti mwathamanga ndiye mudzilipire tchipisi ndi botolo, zimene mwatulutsa n'zochepa kuposa zimene mwalowetsa.

10. Zimene musachite, ndi nthawi yopita kuchipatala

Tiyi ndi mapilisi "ochotsa mimba yaikulu" amene amatsatsidwa pa Facebook, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi atha m'thupi, mafuta ali pomwepo. Madzi otentha a ndimu sasungunula mafuta, ngakhale kumwa kwake sikolakwika. Kudzimana chakudya tsiku lonse kumakubwezerani ku njala ya usiku ija. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino.

Ngati thupi lawonjezeka mutayamba jakisoni wolera kapena mankhwala ena akumwa tsiku ndi tsiku, musasiye nokha, kakambiraneni ndi achipatala. Ngati mukuwonda osafuna, mukumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena mukutsokomola kwa sabata ziwiri, pitani kukiliniki msanga, chipatala chachikulu cha Gulupu (Queen Elizabeth) chili pafupi. Ndipo ngati mwayamba kudzisanzitsa mukadya kapena kuopa chakudya, limenelo ndi vuto lofuna thandizo, uzani namwino kapena mlangizi wa pasukulu.

11. Pa holide

Kunyumba mukakumana ndi mawu. Mukanenepa akuti zikukuyenderani, mukatsika pang'ono agogo ayamba kunong'oneza amayi kuti, "Kodi mwanayu ali bwino?" Musatsutsane ndi akuluakulu pa mphasa. Landirani mbale, idyani mitanda yanu iwiri, tamandani ndiwo n'kupempha zina zamasamba, palibe mayi amene amakwiya mwana akapempha nkhwani wowonjezera.

Pobwerera ku Blantyre akakufunsani chimene mukufuna kutenga, musangoti ndalama. Pemphani chimanga akugayireni mgaiwa, nyemba, mtedza wosankha bwino, ndi mfutso, masamba owiritsa pang'ono n'kuyanika aja. Mfutso sulemera m'chikwama, suwola, ndipo pa 25 enivelopu ya masamba ikatha mumangounyika m'madzi n'kutendera.